Dzanja Langa Linachirira m'Shedi ya a Derek

Abale ndi alongo nonse amene mumawerenga tsamba lino, kaya muli kuno ku Mangalande kaya kumudzi, ndikukupatsani moni m'dzina la Yesu Khristu. Ine ndine Lyson, koma ambiri a ku Tipton ndi ku Dudley mumandidziwa kuti bambo a Tadala. Ena mumandidziwa ndi dzina lina limene munandipatsa m'magulupu anu a pa foni, loti a Zipolopolo. Musachite manyazi, ndinalimva. Lero ndikufuna kufotokoza za sitiroko imene inandipha dzanja lamanja, ntchito imene inandithera, ndi njira imene Mulungu ananditulutsira m'dzenjemo. Nkhaniyi mwaifotokoza mokwanira inuyo, ndiye mulole mwini wake ayankhuleko.

Ntchito yanga ndi ya zitsulo. Ndinaiphunzira ku Blantyre ndili mnyamata, pa makina osemera zitsulo. Mayi a Tadala atapeza ntchito ya unamwino kuno ndinawatsatira, ndipo nditavutika zaka zingapo ndi kunyamula makatoni m'maweyahausi, ndinalowa pa fakitale ina ku Coventry yopanga zipangizo za magalimoto. Ndinakhalapo zaka zisanu ndi zinayi. Zala zanga zinkadziwa chitsulo chopitirira muyezo ndisanachiyeze n'komwe, ndipo ndinkanyada nazo, sindibisa. Ku mpingo wathu wa Amalawi nako ndinali munthu wofunika. Boila yotenthetsera nyumba ikavuta, chitseko chikakana kutseka, galimoto ikamalira zachilendo, foni yoyamba inkapita kwa bambo a Tadala. Ndinkapita ndi zida zanga, malipiro ake n'kukhala kapu ya tiyi ndi mawu oti Ambuye akudalitseni.

Loweruka lina m'mawa kapu ya tiyi inangondipulumuka m'manja. Ndinafuna kunena kuti pepani, koma pakamwa panatuluka zosamveka. Mayi a Tadala anangondiyang'ana nkhope kamodzi n'kuimbira ambulansi. Ndinatuluka m'chipatala patatha masabata atatu ndikukoka mwendo. Mawu anabwerera pang'onopang'ono, mwendo nawo unayamba kumvera, koma dzanja lamanja linapindika ngati phazi la nkhuku yozinga.

A ku fakitale anadikira miyezi ingapo, kenako anandiitana. Anandikhazika ndi mayi wina wa mu ofesi ya antchito, munthu woti sangasiyanitse sipanala ndi supuni, amene anandiwerengera kalata ndi mawu ofewa ngati akutonthoza khanda. Pomaliza anandipatsa timapepala ta manambala a foni oti ndiziimbako ndikamamva kukhumudwa. Zaka zisanu ndi zinayi zinakwana mu envelopu imodzi, ndipo envelopuyo ndinalephera kuitsegula ndekha.

Tsopano ndinene za abale anga mwa Ambuye, poti ndi amene amakonda kutchulidwa. Sabata yoyamba ku chipatala anabwera ambiri, atanyamula majusi ndi mafoni. Ankaima mozungulira bedi, wina n'kujambula, chithunzi n'kupita pa gulupu ndi mawu oti tikuchezera odwala. Ine ndili pakati, pakamwa patapotoka, iwo mano onse pamtunda. A Kamwendo, tcheyamani wathu, munthu wa madigiri awiri amene salola kuti muwaiwale, anapemphera mokweza mpaka wodwala wa pa bedi loyandikana anadina belu kuitana namwino. Zithunzi zitakwana, anthu anatha. Amene ndinawakonzera maboila m'nyengo yozizira anaiwala msewu wa kwathu, ngakhale basi imene amakwera popita ku tchalitchi imadutsa pakhomo pathu penipeni.

Anabweranso kamodzi kokha, ndi mneneri wa ku Birmingham. Anali mwamuna wa nsapato zonyezimira zosongoka, wonunkhira perefyumu moti m'sitingirumu munatsala fungo masiku awiri. Anatseka maso, anagwedeza mutu, nanena kuti akuona azakhali anga ku Ntcheu atamanga dzanja langa m'nsupa. Azakhali anga a ku Ntcheu anamwalira ine ndisanakwatire, koma palibe anandifunsa. Kenako anagwira zala zanga n'kuziwongola mwamphamvu. Ndinakuwa ndi ululu, ndipo anthu anawomba m'manja kuti chiwanda chikutuluka. Dzanja linatupa masiku anayi. A Kamwendo atamva, anati vuto ndi chikhulupiriro changa chochepa.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka nkhani yodyera nyama pa maphwando. Mwamuna wosungidwa ndi mkazi, ankatero. Ankanena anthu omwewo amene akazi awo amagwira mashifiti awiri pa tsiku kuti iwo azivala masuti Lamulungu. Koma mawuwo ankandilasa chifukwa munali choonadi. Mayi a Tadala ankandidulira nyama m'mbale, ankandimanga mabatani a malaya, kenako n'kuthamangira basi ya ku chipatala. Mwana wathu Tadala ali ku yunivesite, ankangoimba foni kufunsa kuti adadi ali bwanji. Ine m'malo mothokoza ndinkakalipa. Mayi wa fizio, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anandipatsa kampira kofewa koti ndizifinya tsiku lililonse, ine ndinakaponya kuseri kwa sofa. Munthu amene ndinkayendetsa makina aakulu ngati minibasi, ndizifinya kampira ka ana?

Masana ena ndinayenda mpaka ku ngalande yakuya yodutsamo maboti ya ku Tipton, n'kukhala pa benchi. Madzi ake ndi akuda, ndipo tsikulo munali tirole ya m'sitolo imene wina anaponyamo. Maganizo amene anandibwerera pamenepo sindiwalemba, koma amene anafikapo akudziwa. Ndinapemphera, ndipo silinali pemphero loti munthu angaliike pa gulupu. Ndinati, Ambuye, munandipatsa manja awiri, mwatenga limodzi, chabwino. Koma musandisiye ndizingokhala pa windo ngati mphika wa maluwa. Ndipatseni chochita, ngakhale chopusa. Sindinamve liwu lililonse, thupi silinatenthe, ndipo ndinabwerera kunyumba chifukwa mvula inayamba.

Woyandikana naye nyumba anali mzungu wokalamba, dzina lake a Derek. Ndivomere pano kuti munthu ameneyu ndinkamunyoza. Anali wa chimimba, wofiira nkhope, wa zojambula zapakhungu zosuluka m'mikono, ndipo zaka zonse zimene tinakhala moyandikana moni wake unali kugwedeza chibwano basi. Mumtima ndinali nditamuweruza kale kuti ndi mmodzi wa aja osafuna anthu akuda, chidakwa, munthu wotayika. Ankakhalitsa m'shedi yake, kanyumba kosungiramo zida kuseri kwa nyumba, ine n'kumati n'kumene amabisa mabotolo.

Masiku atatu chichokereni ku ngalande kuja, ndinali kuseri kulimbana ndi hinji ya geti imene inamasuka. Ndinkayesa kumanga sikuluwu ndi dzanja lamanzere, lamanja litangotsamira thabwa, ndipo sikuluwuyo inagwa kachinayi. Ndikuwerama ndinaona a Derek atatsamira mpanda akundiyang'ana. Ndinakonzeka kumva pepani wina, poti ndinali nditakhuta nawo.

"Unali wa pa makina iwe," anatero. "Ndaona mmene wayang'anira mazinga a sikuluwuyo usanailowetse. Dzanjalo lafa, kapena langochita ulesi?"

Ndinawayankha kuti madokotala akuti mwina lidzagwirako pang'ono.

"Mwina si muyezo. Tabwera uone kanthu."

M'shedimo munalibe botolo ndi limodzi lomwe. Munali mwaukhondo kuposa m'makhitchini ena amene ndadyamo, chida chilichonse pa msomali wake, fungo la oilo wa makina limene ndinali nditalisowa chaka chathunthu. A Derek anagwira ntchito yopanga zida m'mafakitale a ku Tipton moyo wawo wonse. Masewero awo anali kuwombera chandamale ku kalabu, ndipo anali ndi chilolezo cha boma, mfuti zili m'kabati yachitsulo yokhoma m'nyumba. Anandifotokozera kuti anthu a masewerowa sataya makoko a mkuwa a zipolopolo akawombera. Amawatola, kuwatsuka, n'kuwadzazanso okha kunyumba. Koma khoko likawomberedwa kangapo limatalika pang'ono kukamwa kwake, ndipo lotalika silikhala bwino m'mfuti, likhoza kuvulaza mwini wake. Choncho lililonse liyenera kuyezedwa ndi kalipa, chida choyezera zitsulo, n'kupalidwa mpaka pa muyezo wake, kenako kusalaza m'mphepete.

Kamakina kopalirako kanali komangirira pa thebulo. Khoko umalipana mbali imodzi, mbali inayo kuli kampeni ndi chogwirira chopukusa, ngati makina osokera a pamanja aja a matelala a m'khonde. Anandionetsa manja awo. Nyamakazi inali itatupitsa mfundo za zala ngati jinja, ndipo pansi pa thebulo panali ndowa yodzaza makoko osapala.

"Wonga ndi zonse zophulika sukhudza, n'zanga, ndipo lamulo likudziwa ine," anatero. "Iwe ntchito yako ndi mkuwa wopanda kanthu. Upukuse ndi dzanja lakufalo. Lamanzerelo sindikulifuna."

Ndinaima pamenepo mtima ukuwira. Ine mmisiri wa ku Coventry, kupala tizitini ta nkhalamba yosapemphera? Ndipo Mkhristu ndi zipolopolo zikugwirizana pati? Ndinatsala pang'ono kutuluka. Chinandigwira mwendo ndi mawu anga omwe a pa benchi paja, oti ngakhale chopusa. Mulungu ananditenga pa mawu anga, sanawonjezerepo kanthu.

Tsiku loyamba dzanja linkangopulumuka pa chogwirira. A Derek anakulunga chogwiriracho ndi chubu cha njinga kuti chinenepe, n'kulowetsamo zala zanga chimodzichimodzi popanda kufunsa ngati zikupweteka. Masana onse ndinapala makoko asanu ndi awiri, thukuta lili kamukamu. Anawatenga, anawayeza, anayang'ana milomo yake pa kuwala, ndipo asanu anawaponya m'chitini cha zotaya.

"Zinyalala," anatero. "Wasalaza mokhota. Mawa naini koloko."

Ndinatuluka nditakwiya. Koma nditafika m'nyumba ndinazindikira chinthu. Chaka chonse aliyense ankandiuza kuti mukuyesetsa bambo, ngakhale nditangokwanitsa kunyamula supuni. Munthu uyu yekha ndi amene anayang'ana ntchito yanga ngati ya mmisiri n'kuikana. M'mawa mwake ndinafika naini isanakwane.

Miyezi inapita motero. Ndinkapukusa, tinyenyeswa ta mkuwa tikugwera pa thebulo ngati gaga, wailesi ikukamba za mpira, a Derek akudandaula za timu yawo. Sitinkayankhula zambiri. Ndinadzamva pang'onopang'ono kuti akazi awo anamwalira zaka zisanu zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo iwo ndi Wakumwambayo sayankhulana. Sindinawalalikire, ndipo iwo sanandiseke ndikamapempherera tiyi wanga. Chala chachikulu chinayamba kugwira, chamkombaphala chinatsatira. Chitini cha zotaya chinasiya kudzaza. Mayi wa fizio anadabwa n'kufunsa ngati ndikufinya kampira kaja. Nditamuuza zoona anaseka, nati chilichonse chimene ndikuchita ndisasiye. M'mawa wina ndinamanga ndekha mabatani onse a malaya. Mayi a Tadala anaona, analowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti ndisamve kuti akulira.

Kulakwa kwanga kunabwera ndi nyengo yozizira. M'shedimo munkazizira moti dzanja linkauma, ndiye a Derek anamasula kamakinako kuti ndikagwirire m'nyumba. Ndinakamangirira pa thebulo la m'khitchini, makoko ali m'kontena ya ayisikirimu. Mayi a Tadala anakana. Anati, "Bambo a Tadala, zinthu izi m'nyumba muno ayi. Anthu athu mukuwadziwa." Ndinawayankha kuti anthu athuwo anasiya kale kubwera, ndiye aziona bwanji.

Sabata yomweyo kunabwera mayi Kamwendo, akazi a tcheyamani, kudzasiya nsalu ya yunifolomu ya amayi a ku mpingo. Inali miyezi isanu ndi itatu asanaponde pakhomo pathu. Anandipeza ndikupukusa. Maso anapita pa kontena, kenako pa ine, koma sanafunse kuti izi n'chiyani. Anangopempha madzi akumwa, ndipo ine nditatembenukira ku mpopi foni inagwira ntchito yake. Anamwa madziwo, anandiuza kuti Ambuye ndi wabwino, n'kumapita.

Tsiku lisanathe chithunzicho chinali chitafika kulikonse. Ena anati ndikupangira zipolopolo anyamata achifwamba a ku Birmingham. Ena anati sitiroko yandisokoneza mutu, ndikufuna kuwombera mkazi wanga. Wina wozama m'zauzimu anati n'chifukwa chake dzanja linapindika, Mulungu ankadziwa zimene lidzachite. Msuweni wanga anaimba kuchokera ku Lilongwe akulira. Pa anthu onsewa, manesi, maakauntanti, ophunzira a madigiri, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakwera basi kudzagogoda pachitseko n'kufunsa kuti achimwene, zikuchitika n'chiyani. Koma panapezeka wina wolimba mtima woimbira apolisi, osatchula dzina lake.

Anabwera Lachinayi m'mawa, mayi a Tadala atangofika kumene kuchokera ku ntchito, yunifolomu ili m'thupi. Galimoto inaima pakhomo, makatani a nyumba zoyandikana anayamba kugwedezeka. Mumvetse kuti nthawi imeneyo mapepala athu okhalira m'dziko muno anali asanakhazikike, ndipo namwino amene dzina lake lamveka pa nkhani ya zida za nkhondo ntchito yake imakhala pa ulusi. Chilichonse chimene mayiyu anachivutikira, kusiya makolo, kusamalira ine ngati khanda, chinali pa thebulo limodzi ndi kontena ya ayisikirimu ija. Anandiyang'ana nati, "Ndinakuuzani."

Apolisiwo anali awiri, ndipo anali aulemu kuposa abale anga mwa Ambuye. Anavala magolovesi, anayang'ana makoko aja limodzilimodzi, n'kuyamba kundifunsa. Apa lilime linandithawa. Mantha anabweza chibwibwi cha sitiroko chija, mawu ankangozungulira m'kamwa, ndipo ndinkaona ndekha kuti ndikuoneka ngati munthu wobisa kanthu. Mumtima ndinangoti, Yesu, yankhulani ndinu.

Chitseko chakuseri chinatseguka popanda odi. Anali a Derek, atavala masilipasi, fayilo ya mapepala ili kukhwapa. Anaona galimoto pa windo. Akanatha kukhala m'nyumba mwawo n'kutseka katani, chifukwa munthu wa chilolezo cha mfuti akalowa m'nkhani ngati iyi chikhoza kulandidwa, ndipo kalabu ija ndi chokhacho chimene chinawatsalira pa dziko.

"Mkuwawo ndi wanga, kamakinako n'kanga," anauza apolisiwo. "Munthuyu amangondipalira, ndipo mumsewu muno ndi yekhayu amene amadziwa kuwerenga kalipa. Mafunso anuwo bweretsani kuno."

Anapita nawo kwawo. Apolisiwo anaona chilolezo, anatsegulitsa kabati, anawerenga zonse zinali m'menemo, anayang'ana m'shedi. Ife tinakhala m'khitchini osayang'anana kwa ola lathunthu. Atabwerera anati palibe mlandu, makoko opanda kanthu ndi mkuwa chabe, koma ndi bwino ntchitoyo izichitikira ku shedi kuti anthu asamaope. Anatsanzika, wina mpaka anandifunira kuchira msanga.

Mungaganize kuti mpingo unasangalala. Lamulungu lotsatira a Kamwendo anatumiza kalata ya masamba awiri, ya Chingerezi chapamwamba, yoti ndiyambe ndaima kaye pa mgonero wa Ambuye komiti ikufufuza. Apolisi a dziko la eni anatha nkhaniyi mu ola limodzi, koma komiti ya anthu asanu okumana m'holo yobwereka inkafuna miyezi itatu. Mayi a Tadala anachotsedwa pa udindo wawo ku amayi, ati kuti apume. Ku chipatala anzawo a kumudzi ankasiya kuyankhula iwo akalowa m'chipinda chomwera tiyi, moti anapita okha kwa bwana wawo kukafotokoza zonse mphekesera isanafikeko.

M'nyumba mwathu munakhala chete masabata awiri. Pa zowawa zonse za ulendowu, izi ndiye zinaposa. Ndinamasula kamakinako, ndinabweza kwa a Derek, ndi kuwauza kuti ndasiya. Iwo anati mpikisano uli mwezi wamawa ndipo ndowa ikadali theka, ndikalire ndikamaliza. Sindinapite. Ndinabwerera pa mpando wanga wa pa windo, ndipo m'masiku ochepa zala zinayambanso kuuma.

Anathetsa nkhaniyi ndi mayi a Tadala. M'mawa wina anandipeza ndikulimbana ndi batani la pakhosi. Anaima pakhomo la chipinda atapinda manja, osandithandiza.

"Pitani ku shedi," anatero. "Dzanjalo silinachire ndi a Kamwendo. Koma mukadzabweretsanso zinthuzo m'khitchini mwanga, mudzakagona nazo komweko."

Ndinawapepesa tsiku limenelo, kupepesa kwenikweni, pa za makoko ndi pa za chaka chonse chimene ndinawasandutsa kapolo wokalipiridwa. Kenako ndinapita ku shedi ndipo ndowa ija tinaimaliza.

Ku mpikisanoko a Derek sanapambane, maso awo anatha kale. Koma ku kalabu kwawo kuli mayi wina, a Pauline, amene ali ndi kampani yaing'ono ku Dudley yopanga zipangizo za mapampu. Anatola makoko angapo a a Derek, anawayang'ana milomo, nafunsa kuti agula makina amagetsi liti, poti manja awo amawadziwa. A Derek anayankha kuti makinawo amakhala nyumba yoyandikana ndipo amamwa tiyi wa shuga atatu. Mayiyo anali akufuna munthu woyeza zipangizo zisanatumizidwe kwa ogula.

Ndinakwera basi ya ku Dudley nditavala malaya amene ndinamanga ndekha. A Pauline sanandifunse za madigiri, ndipo dzanja analiyang'ana kamodzi kokha. Anandiikira tireyi ya tizitsulo makumi awiri, pepala la miyezo ndi choyezera chawo, n'kuti ndipatule zolakwika. Ndinayeza zitatu, ndipo zala zinandiuza kuti pali chosalongosoka. Ndinapempha kachitsulo ka muyezo wodziwika kuti ndiyese choyezeracho. Chinkanama. Ndinawauza kuti mayi, ndisanaweruze zitsulozi, woweruzayu ndi amene ali ndi mlandu. Anachiyesa okha, anatukwana mawu amene sindingalembe pano, kenako anafunsa ngati ndingayambe Lolemba.

Ndinayamba ndi masiku atatu pa sabata, pano ndimagwira onse asanu. Mapepala athu anatuluka. Sindikunamizani kuti dzanja linabwerera mwakale. Zala ziwiri zakumapeto zikadali zopindika, ndipo kukazizira zimapweteka. Pa makina aakulu aja sindidzabwereranso. Koma ndimadya thukuta langa, ndimadzidulira nyama, ndipo Loweruka lililonse m'mawa ndimakhala ku shedi, chifukwa nyamakazi ya m'manja mwa a Derek ikunkirankira.

Nkhani ya ntchito itamveka, a Kamwendo anabwera okha kunyumba, suti ili m'thupi. Anati komiti yapeza kuti panali kusamvetsetsana, ndipo mpingo ukufuna ndikapereke umboni Lamulungu, anthu aone mmene mapemphero awo ayankhidwira. Anati adzajambula vidiyo. Ndinawapatsa tiyi, poti alendo ndi alendo. Kenako ndinawauza kuti ndibwera pa zinthu ziwiri: a Derek akhale pa mpando wakutsogolo, ndipo amene anaimbira apolisi aimirire ndimuone nkhope, osati kuti ndimuchititse manyazi, koma kuti ndidziwe amene ndikumukhululukira. A Kamwendo anayang'ana wotchi, anati akambirana ndi komiti. Mpaka lero ikukambiranabe. A Derek nditawauza anaseka mpaka kutsokomola, nati ngakhale akanaitanidwa sakanabwera, Lamulungu ndi tsiku la ku kalabu.

N'chifukwa chake umboniwu ndaulemba pano, pamene palibe wondigwirira maikolofoni. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano la pa benchi n'kuliyankha. Ndikuthokoza mkazi wanga, amene anali ndi zifukwa zokwanira zondisiyira koma anakhala. Ndikuthokoza a Pauline. Ndikuthokoza nkhalamba imene ndinainyoza zaka zonsezo, imene ndimaipempherera tsiku lililonse ngakhale inandiletsa. Amene munandijambula, amene munatumiza, amene munawonjezera mchere, ndikuphunzira kukukhululukirani. Ndinene zoona, dzanja lachira msanga kuposa mtima, ndiye mundipatse nthawi.

Iwe amene ukuwerenga uli pa mpando wa pa windo, thupi litakukana, ntchito itatha, foni italeka kulira, usataye moyo wako chifukwa cha anthu amene amakukumbukira pokhapokha pali chojambula. Pemphera mmene ungathere, ngakhale mokwiya, Iye sachita mantha ndi mawu ako. Ndipo thandizo likadzabwera usaliyang'ane nsapato. Likhoza kukhala losapemphera, lonunkha oilo, loyankhula mwamwano, n'kukupatsa ntchito yoti anzako akuseke nayo. Dzuka, upite, ufike nthawi isanakwane. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.